Zimene Kamera Singathe Kuona: Miyoyo ya Alakatuli m'Mafilimu

MAU OYAMBA

Munthu akafuna kujambula filimu ya moyo wa msilikali, ntchito yake imapepuka, pakuti nkhondo imaoneka ndi maso: utsi, mfuti, anthu ali chithawethawe. Akafuna kujambula ya mmisiri wosema ziboliboli, adzationetsa dzanja, sompho, ndi chipika chimene chikusanduka nkhope pang'onopang'ono. Woimba nayenso ali ndi mwai, chifukwa nyimbo imabadwira pamaso pa anthu. Koma nanga mlakatuli? Ntchito yake yeniyeni imachitika ali chete, mwina atakhala pampando, mwina akuyenda yekha m'njira, akutembenuza liwu limodzi mumtima kufikira litakhala pamalo pake. Woyang'anira kunja sangasiyanitse mlakatuli amene akulimbana ndi mzere wovuta ndi mlesi amene akungowodzera. Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Tsono kamera, imene ili ndi diso koma ilibe bwato, idzaoloka bwanji?

Funso limeneli ndilo tafuna kuti tiliganizire pamodzi ndi owerenga athu, poyang'ana mafilimu asanu ndi imodzi amene adatuluka pakati pa 1969 ndi 2021. Maganizo athu tiwaneneretu poyera. Popeza kamera singathe kuona ntchito ya mlakatuli, imakopeka kuti ionetse mabala ake m'malo mwake: matenda, kuledzera, ukwati wosweka, imfa yofulumira. Choncho woonera amabwerera kwao atamwa chiphunzitso chimene palibe adachitchula ndi pakamwa, chakuti bala ndilo limabala ndakatulo, ndi kuti munthu sangaimbe bwino asanaonongeke. Chiphunzitso chimenechi n'chonama, ndipo n'choopsa kwa wachinyamata aliyense amene akumva mphatso ikutukutira mwa iye. Filimu yabwino ya mtundu umenewu ndi imene imadziwa polekezera diso lake, nifunafuna njira ina yotifikitsira pafupi ndi ntchito yobisikayo.

1. MALONDA A MABALA

Tiyambe ndi Sylvia, filimu imene Christine Jeffs adaitulutsa mu 2003. Ikusimba za Sylvia Plath, mlakatuli wa ku America amene adabadwa mu 1932, nakwatiwa ndi mlakatuli mnzake wa ku England, Ted Hughes, mu 1956, nadzipha ku London pa 11 Febuluwale 1963 ali ndi zaka 30, kusiya ana awiri aang'ono. Gwyneth Paltrow ndi Daniel Craig amasewera mbali zao mwaluso, ndipo sitikunena kuti zoonetsedwazo sizidachitike. Nsanje idalipo, kusakhulupirika kwa mwamuna kudalipo, matenda a maganizo adalipo. Vuto lili pa kayalidwe ka nkhani. Kuchokera pa chithunzi choyamba zonse zimatsetserekera kumanda, ngati kuti mai ameneyu adabadwira tsiku limodzi lomalizalo.

Mbiri ikutiuza zina. Ndakatulo yake yoyamba idasindikizidwa m'nyuzipepala iye ali ndi zaka 8. Mu Okutobala 1962, atapatukana ndi mwamuna wake, ankadzuka cha m'ma 4 koloko mbandakucha, ana adakali mtulo, nalemba ndakatulo zoposa 20 m'mwezi umodziwo. Zambiri mwa izo zidalowa m'buku la Ariel limene lidatuluka mu 1965. Mapepala ake, amene amasungidwa ku Smith College, ali ndi mizere yofufutidwa ndi kulembedwanso kangapo konse. Ameneyu ndi mmisiri wodziwa nthawi yake ndi zida zake. Matenda sadampatse ndakatulo. Adamlanda zimene akadalemba atafika zaka 40 kapena 60. Mwana wake wamkazi, Frieda Hughes, adakana kupereka chilolezo chakuti ndakatulo za amai ake zigwiritsidwe ntchito m'filimuyi, ndipo adalemba ndakatulo yakeyake yodzudzula anthu ofuna kusandutsa imfa ya amai akewo kukhala chisangalatso. Motero tili ndi filimu ya mlakatuli imene ndakatulo zimangomveka mwa tizidutswa, pamene misozi ikuoneka yonse yathunthu.

Total Eclipse ya Agnieszka Holland, ya mu 1995, idagwa m'dzenje lomwelo. Leonardo DiCaprio akusewera Arthur Rimbaud, mnyamata wa ku Charleville amene adafika ku Paris mu 1871 ali ndi zaka 16. David Thewlis akusewera Paul Verlaine, amene adasiya mkazi ndi khanda n'kumayendayenda naye mpaka kumuombera padzanja ku Brussels mu Julaye 1873. Timaona mowa, mpeni, mkazi akumenyedwa. Chimene sitiona n'chakuti Rimbaud asanakhale chimbalangondo adali mwana wa sukulu wopambana mphotho pa ndakatulo za Chilatini, amene adadziwa malamulo a ndakatulo bwino lomwe asanayambe kuwaswa. Kulapa kwa Verlaine m'ndende ya ku Mons, kumene kudabala buku lake la Sagesse, filimuyi imangokulambalala. Woonera wosadziwa Chifalansa amatsala akudabwa kuti anthu awiri osautsawa dziko likuwakumbukirabe chifukwa chiyani. Ndipo filimu ya mlakatuli ikalephera kuyankha funso limenelo, yalephera pa chinthu chokhacho chimene idajambulidwira.

2. SINGANO YA FANNY BRAWNE

Chiyeso chogulitsa mabala n'chakale kuposa kamera. John Keats atamwalira ku Roma pa 23 Febuluwale 1821, ali ndi zaka 25, mlakatuli mnzake Percy Shelley adamlembera ndakatulo ya maliro yotchedwa Adonais, imene idafalitsa mbiri yakuti mnyamatayo adaphedwa ndi mau achipongwe a odzudzula mabuku m'magazini. Zoona zake n'zakuti adafa ndi chifuwa chachikulu, nthenda imene idatenganso mng'ono wake Tom mu Disembala 1818, Keats yemweyo akumudwazika. Choncho Jane Campion wa ku New Zealand, pokonza Bright Star mu 2009, adatola nkhani yodzaza ndi misampha: mnyamata wosauka, wodwala, wokonda mtsikana amene sangathe kumukwatira. Njira yapafupi ikadakhala yotikhazika pambali pa bedi, tizimvera chifuwa kwa maola awiri.

Campion adalowera khomo lina. Nkhani yonse timaiona ndi maso a Fanny Brawne, mtsikana wa nyumba yoyandikana ku Hampstead, amene amadzisokera yekha zovala ndipo amanyadira luso lakelo. Chithunzi choyamba cha filimuyi ndi singano ikulowa ndi kutuluka m'nsalu. Apa mpamene pali nzeru. Kulakatula sikuoneka, koma kusoka kumaoneka. Ndipo woonera akapenya msoko uliwonse ukugwira unzake, ulusi ukusomoledwa pamene walakwika n'kubwerezedwanso, amamvetsa popanda womuuza kuti m'chipinda chinacho mukuchitika ntchito ya mtundu womwewo. Pamene Tom wamwalira, Fanny amachezera usiku kusoka nsalu ya pilo kuti mutu wa malemu utsamirepo. Chisoni chalowa m'ntchito ya manja, koma sichidalowe m'malo mwa luso. Chikadakhala chisoni chokha popanda zaka zophunzira singano, pakadatuluka chiguduli.

Palinso gawo lina loseketsa limene lili ndi phunziro. Charles Brown, bwenzi la Keats lokhala naye nyumba imodzi, amachenjeza amai a m'nyumbamo kuti akawaona awiriwo atangoti ndwii, osachita kanthu, asawasokoneze, chifukwa pamenepo ndiye ali pa ntchito. Campion akuseka alakatuliwo, komanso akuvomereza poyera kuti kamera yake yafika pa mpanda.

Imfa ya Keats sitiiona. Uthenga umafika ku Hampstead pa kalata, ndipo chimene timaona ndi Fanny atagwa patsinde pa makwerero, mpweya ukumuthawa, akuitana amai ake. Kenaka amadzisokera chovala chakuda, nayenda m'tchire akulakatula ndakatulo imene idapatsa filimuyi dzina. Maina a ojambula akamadutsa pamapeto, liwu la Ben Whishaw limawerenga imodzi mwa ndakatulo zazikulu za mu 1819. Woonera amadzuka pampando ndakatulo ili m'khutu.

Sitikuti filimuyi ilibe chilema. Keats wake ndi wofatsa mopitirira. Munthu amene adaphunzira za mankhwala ndi maopaleshoni ku Guy's Hospital, amene makalata ake ali ndi nthabwala zambiri ndiponso nsanje yoluma, waoneka ngati duwa lofota. Komabe Campion adasunga chachikulu: adationetsa kuti mphatso imafuna manja, nthawi ndi kudekha.

3. TERENCE DAVIES NDI MAONDO A MLAKATULI

Pali chinthu china chimene kamera singathe kuona, ndicho pemphero. Imaona maondo ogwada kapena okana kugwada, koma zimene zikuchitika m'kati sizigwira. Terence Davies, amene adabadwira ku Liverpool mu 1945 m'banja la Chikatolika, nasiya chikhulupiriro ali mnyamata, namwalira mu 2023, adathera mafilimu ake awiri omaliza pa alakatuli awiri amene moyo wao sungasimbidwe popanda nkhani ya Mulungu. Kuwaika pamodzi kukutiphunzitsa zambiri.

Yoyamba ndi A Quiet Passion ya mu 2016. Liwu lomaliza m'dzinali, monga owerenga athu akudziwa, limanena za chikondi choyaka ndiponso za masautso. Cynthia Nixon akusewera Emily Dickinson, amene adakhala ku Amherst m'chigawo cha Massachusetts kuyambira 1830 mpaka 1886, nalemba ndakatulo pafupifupi 1,800, pamene zosindikizidwa iye ali moyo zidali ngati 10 chabe. Filimuyi imayambira pa sukulu ya atsikana ya Mount Holyoke. Mphunzitsi akulamula kuti ofuna kudzipereka kwa Khristu kuti apulumuke apite mbali iyi, amene akungoyembekeza kudzapulumuka apite mbali inayo. Emily amatsala yekha pakati. Pambuyo pake, mbusa atabwera kunyumba, banja lonse limagwada, iye ayi. Davies sadamusandutse munthu wonyoza Mulungu. Adationetsa mzimu umene ukutenga nkhani ya chipulumutso mozama kotero kuti sungathe kunena ndi pakamwa zimene mtima sunavomere, ndipo ndakatulo zimene zikumveka pamwamba pa zithunzizo zikuchitira umboni kuti mkangano wake ndi Mulungu udali mkangano wa m'nyumba, wa anthu osasiyana. Timamuonanso akupempha bambo ake chilolezo chakuti azilemba usiku, nyumba yonse ili zii. Chilolezo chimenecho, nyale imeneyo ndi tebulo laling'onolo zikutiuza zambiri za ntchito ya mlakatuli kuposa kukomoka kwa nthenda ya impso kumene Davies akukukokera kutali mopitirira muyeso kumapeto. Pamenepo nayenso wagonja ku chiyeso cha bala, ndipo Emily wokonda dimba, wophika buledi, wolemba makalata a nthabwala, wabisika kumbuyo kwa mai wowawidwa mtima.

Yachiwiri ndi Benediction ya mu 2021, dzina lotanthauza dalitso. Ikusimba za Siegfried Sassoon, msilikali wolimba mtima wa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, amene mu 1917 adalemba chikalata chokana kupitiriza nkhondoyo. Akuluakulu a asilikali, m'malo momuzenga mlandu, adamtumiza ku chipatala cha odwala maganizo cha Craiglockhart ku Edinburgh, kumene adakumana ndi Wilfred Owen, mlakatuli wachinyamata amene adaphedwa pa 4 Novembala 1918, kutatsala sabata imodzi kuti nkhondo ithe. Gawo limeneli Davies adaligwira bwino kwambiri. Sadajambule nkhondo yongoyerekeza. Adatenga zithunzi zenizeni za nthawiyo, mitembo m'matope ndi anyamata opita ku sitima akumwetulira, naika ndakatulo pamwamba pake. Mau ndi zithunzi zikuthandizana kusenza katundu.

Koma Sassoon adakhalabe ndi moyo mpaka 1967, ndipo mu Ogasiti 1957, ali ndi zaka 70, adalandiridwa mu Mpingo wa Katolika ku Downside Abbey. Davies akutionetsa zimenezi mwa luso lodabwitsa: mnyamata, Jack Lowden, wakhala pa benchi m'tchalitchi, kamera ikumuzungulira, ndipo pomaliza kuzungulira wasanduka nkhalamba, Peter Capaldi. Komatu nkhalamba imeneyi ndi chitsa chouma. Italephera kupeza mtendere m'maubwenzi ake ndi amuna anzake, italephera m'banja, italephera pa kutchuka, ikuyesa khomo lomaliza, ndipo nalonso likuoneka lotseka. Umboni wa mwini wake ndi wosiyana. Sisitere wina wa chipani cha Assumption, atawerenga buku lake la Sequences la mu 1956, adamlembera kalata, ndipo kulemberana kumeneko kudamthandiza pa ulendo wake. Mu 1960 masisitere a Chibenedikito a ku Stanbrook Abbey adasindikiza ndakatulo zake zosankhidwa m'buku lotchedwa The Path to Peace, kutanthauza njira ya ku mtendere. Zimenezi m'filimu mulibe.

Tisafulumire kupsa mtima. Sitikupempha kuti filimu isanduke katekisimu, ndipo Davies akutikumbutsa choona chimene ife timakonda kuchiphimba, chakuti munthu amatha kulandira masakramenti nakhalabe wovuta kukhala naye, wokalipira mwana wake, wolira anzake amene adatsala ku nkhondo. Mlandu wathu ndi wa chilungamo cha umboni. Dickinson atakana kugwada, Davies adamkhulupirira kuti ali ndi chifukwa chozama. Sassoon atagwada, Davies sadamkhulupirire, nadzaza chete wa nkhalambayo ndi kukhumudwa kwa iye mwini wojambula. Pamene diso lalekezera, wosimba mbiri ayenera kufunsa mwini nkhani. Akapanda kutero amathira m'mtsuko wa mnzake madzi a pa chitsime chake.

4. MAKANGAZA ATATU

Njira yachilendo kuposa zonse ndi ya Sergei Parajanov m'filimu yake ya mu 1969 yonena za Sayat-Nova, mlakatuli ndi woimba wa Chiarmenia wa m'zaka za m'ma 1700, amene adaimba m'bwalo la mfumu ya ku Georgia, pambuyo pake nakhala wansembe ndi mmonke ku Haghpat, naphedwa mu 1795. Akuluakulu a boma la Soviet Union adaona kuti filimuyi sikuphunzitsa anthu mbiri ya mlakatuliyo monga iwo ankafunira; adaisintha dzina kukhala lonena za mtundu wa makangaza, ndipo idadulidwanso kuti ionetsedwe m'madera ena a dzikolo.

M'filimuyi anthu sakambirana monga tidazolowera, kamera siyendayenda, ndipo osewera amayang'ana kwa ife ngati zithunzi za m'mabuku akale a mapemphero. Makangaza atatu akukha madzi ofiira pa nsalu yoyera. Mabuku onyowa ayanikidwa pa denga la nyumba ya amonke, mphepo ikutembenuza masamba, kamnyamata kagona pakati pake katatambasula manja. Ubweya ukuvuulidwa m'miphika ya utoto. Mai mmodzi, Sofiko Chiaureli, akusewera mlakatuli ali mnyamata ndiponso mkazi amene mlakatuliyo adamkonda. Parajanov adaleka kufunsa kuti chidamchitikira n'chiyani, nafunsa kuti adaona chiyani, adamva chiyani, adakhudza chiyani, kufikira zinthu zimenezo zitasanduka nyimbo. Tivomere kuti filimuyi ndi yolimba; wosadziwa miyambo ya Mpingo wa ku Armenia adzasochera kangapo, ndipo wofuna masiku ndi zaka adzabwerera chimanjamanja. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha adzapeza kuti pano pokha kamera yayesa kuima pamene mlakatuli adaima, kuyang'ana kumene iye adayang'ana.

MAU OMALIZA

Pa zimene taonazi tingatolepo mafunso atatu oti tizipita nawo ku filimu iliyonse ya mtundu umenewu. Loyamba: kodi yationetsa munthuyu ali pa ntchito, kapena ali pa mphasa yokha? Lachiwiri: pamene yafika pa zinthu zosaoneka, kodi yamvera umboni wa mwini wake ndi wa abale ake, kapena yamulankhulira? Lachitatu: kodi potuluka tili ndi njala yokatsegula buku lake, kapena tikumva ngati tamudziwa kale moti kuwerenga n'kutaya nthawi? Pa muyeso umenewu Bright Star ndi filimu ya Parajanov zapambana, iliyonse mwa njira yake. Mafilimu awiri a Davies apambana theka, ndipo ndi oyenera kuwaonera ndi kukangana nawo. Sylvia ndi Total Eclipse zatisiya ndi maliro, ndakatulo zitatsala kunja.

Masautso a alakatuliwa adali enieni, ndipo adalowa m'zolemba zao monga utsi umalowera m'denga la khitchini. Koma anthu odwala chifuwa chachikulu mu 1821 adali ambirimbiri, ndipo Keats adali mmodzi yekha. Chimene chidamsiyanitsa ndi mphatso imene adalandira ndi khama limene adaisamalira nalo. Wachinyamata amene akuganiza kuti ayambe waononga moyo wake kuti ndakatulo ibwere, adzapeza chionongeko chili chomuyembekeza, ndakatulo osabwera.

Nkhaniyi ikutikhudzanso ife mwa njira ina, abale athu, pakuti kusimba miyoyo ya anthu amene sangathenso kudziyankhira ndi ntchito yathu ya sabata ndi sabata, pa maliro ndi pa masiku a oyera. Nafenso timakopeka ndi zooneka ndi zogwedeza mtima: nthenda yomaliza, ngozi, mau a pa bedi la imfa. Zaka makumi anai za kudzuka mbandakucha, kulima, kulera ana a eni, kukhululuka mwakachetechete, timazidumpha ndi chiganizo chimodzi chifukwa zilibe chithunzi. Tisanaimirire kukalankhula za malemu, tiyambe tafunsa a m'nyumbamo kuti munthuyu ankachita chiyani anthu onse ali mtulo.